Kamphongo kakang'ono m'padoko imodzi ndi mahatchi akuluakulu: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwerabwera kuchokera kwa anthu a m'mafamu ang'onoang'ono ozungulira Lusaka: ku Makeni, Lusaka West, Lilayi, mumsewu wa Leopards Hill, mpaka ku Chongwe ndi Chisamba. Ambiri anagula kahatchi kuti ana azikwera, osafunsa ngati ndi kofula, ndipo lero akusowa poti akaike.

Tikamati kahatchi kakang'ono, tikunena kotalika bwanji?

Hatchi imayezedwa kuchokera pansi kufika pamwamba pa mapewa, pomwe khosi lakumana ndi msana. Yosapitirira masentimita 148 ndiyo poni. Poni ya mtundu wa Shetland sipitirira masentimita 107. Timahatchi tochepetsetsa, mabungwe awiri a ku America amene amatilemba m'kaundula anaika malire pa masentimita 86 ndi 97.

Chachikulu ndi kulemera. Kahatchi kotere kamalemera makilogalamu 70 mpaka 150, pomwe hatchi yokwera ya mtundu wa Thoroughbred imafika 450 kapena 550. Mutu wa kahatchi uli pa mlingo womwewo umene chiboda chakumbuyo cha hatchi yaikulu chimafika ikaponya theche.

Ndiye kamphongo kosafula kangadyere limodzi ndi mahatchi akuluakulu?

Ngati pali yaikazi ngakhale imodzi, ayi. Ngati pali mphongo ina yosafula yaikulu, ayi. Ngati alipo ndi mahatchi ofulidwa okhaokha, ndipo yaikazi siikuoneka kapena kumveka fungo pafupi, nthawi zina zimatheka, koma potsata zimene zili pa funso la kuzoloweza pansipa.

Anthu amapusitsidwa ndi msinkhu. Kamphongo kali ngati tambala wachichepere amene amathamangira tambala wamkulu pabwalo osadziyeza. Thupi ndi laling'ono koma chilakolako chokwera, nsanje ndi mtima wolamulira ndi za mphongo yathunthu. Kamayamba ndewu imene sikangaimalize, ndipo kovulala ndi komweko. Malangizo athu kwa anthu ambiri ndi awa: kafuleni, kapena kapatseni padoko (malo odyera otchingidwa ndi mpanda) yakeyake ndi mnzake wa msinkhu wake.

Kafupika chonchi, kangafike n'komwe pa yaikazi yaikulu?

Kamafika. Yaikazi ikakhala pa nyengo yofuna mphongo imathandiza yokha: imatsikira mu ngalande, imaima kumunsi kwa chulu, imatangadza miyendo, ina imafika pogona. Padoko zambiri za kuno zili ndi zulu ndi mizere yakale ya m'munda, ndipo kamphongo sikachedwa kupeza pokwera. Ana obadwa mwanjira iyi alipo ambiri.

Musadalirenso zaka kapena nyengo. Kamphongo kakhoza kupereka bere kali ndi miyezi 12, kena kasanafike n'komwe. Yaikazi imafuna mphongo pakapita masiku 21 aliwonse, kwa masiku 5 mpaka 7. Kumaiko ozizira zimenezi zimaima m'nyengo ya chisanu chifukwa usana umafupika kwambiri, koma ku Lusaka usana umangosintha pakati pa maola 11 ndi 13, kotero yaikazi ina imafuna mphongo pafupifupi chaka chonse, ngakhale kuti zimakula kuyambira Seputembala kufika Malichi.

Kwa yaikazi yaikuluyo kubereka sikuvuta, popeza mwana amakhala wochepa. Mu 1938 Arthur Walton ndi John Hammond a ku Cambridge anakweretsa maponi a Shetland ndi mahatchi aakulu a Shire mbali zonse ziwiri, n'kupeza kuti kukula kwa mwana pobadwa kumatsata kwambiri thupi la mayi. Koma zimenezi zisalimbitse mtima munthu wosiya kahatchi kakakazi ndi mphongo yaikulu. Kukwera kokhako kukhoza kuthyola msana kapena kung'amba m'kati, bere lisanayambe n'komwe.

Ngozi yeniyeni ya kamphongo ili pa masiku amene yaikazi siikufuna. Iko kamalimbikirabe kununkhiza kumbuyo, ndipo yankho la yaikazi ndi mateche a miyendo yonse iwiri.

Kakwera kale yaikazi yanga. Nditani?

Lembani tsiku lake ndipo muitane dokotala wa ziweto sabata yomweyo. Pa tsiku la 14 mpaka 16 makina ounikira m'mimba amaonetsa ngati bere lagwira. Ngati simukulifuna, dokotala amabaya jekeseni ya prostaglandin, imene imagwira bwino ntchito pakadutsa masiku 5 kapena 6 yaikazi italeka kufuna mphongo, ndiponso tsiku la 35 lisanakwane. Mukachedwa kuposa apa nkhani imavuta ndipo imadya ndalama zambiri. Mankhwalawa musawagule kuti mubaye nokha, ndipo mayi woyembekezera kapena munthu wa mphumu asawagwire.

Mukasankha kusunga bere, yembekezerani masiku ngati 340. Funsaninso za kuyeza magazi, monga tafotokozera pa funso la matenda pansipa.

Mahatchi anga onse ndi ofulidwa, ndi ofatsa. Vuto lili pati?

Kufatsa kwa hatchi pamaso pa munthu sikunena kanthu za khalidwe lake m'gulu. Pali mahatchi ofulidwa amene amadzionabe ngati eni a gulu, makamaka amene anafulidwa atakula. Otere amagwira kamphongo pakhosi ndi mano, kukanyamula, kukakutumula, n'kukagwadira pansi. Zimatenga masekondi ochepa.

Ngakhale popanda udani, masewera okha amavulaza. Mahatchi amphongo amasewera poimirira ndi miyendo yakumbuyo, kulumana m'mawondo ndi kuthamangitsana. Theche limene kwa mnzake wamkulu likanangosiya chotupa pantchafu, kwa kamphongo limagwera pachibwano, padiso kapena m'nthiti. Kamphongo nakonso kamavulaza: popeza sikafika kumtunda, kamaluma miyendo, kumimba ndi pa mitsempha ya kumbuyo kwa mwendo, ndipo bala la pamenepo limachedwa kupola.

Amene amakhala bwino ndi kamphongo kawirikawiri ndi hatchi imodzi yofulidwa, yachikulire, yosakonda kuthamanga, yopanda nsapato zachitsulo kumbuyo. Gulu la atatu kapena anayi achinyamata ndi loopsa. Ndipo mtendere wa miyezi ingapo ukhoza kutha tsiku limene mnansi wabweretsa yaikazi kuseri kwa mpanda.

Mpanda wake ukhale wotani?

Mpanda wamba wa mahatchi umamangidwa poganizira yodumpha. Kamphongo sikadumpha, kamadutsa pansi kapena pakati. Kamagona pafupi ndi mpanda, kugubuduka, n'kudzukira mbali ina.

Msinkhu wa mpanda ukhale mita 1.5 chifukwa cha aakuluwo, kapena 1.8 ngati kuli mphongo yaikulu. Mtanda wapansi usatalikire nthaka kuposa masentimita 20 kapena 25, ndipo mipata ya pakati pa mitanda yakumunsi isapose pamenepo. Ngati mukugwiritsa ntchito waya woluka, mabowo ake akhale masentimita 5 m'lifupi ndi 10 m'litali. Waya wa mabowo akuluakulu wa mbuzi ndi nkhosa umakola kachiboda, ndipo kahatchi pokoka kamadula mtsempha. Waya waminga umene uli m'mafamu ambiri amene kale munali ng'ombe uchotsedwe ndithu. Mapolo akhale a bulugamu othiridwa mankhwala, apo ayi chiswe chimawadya pansi pomwe simukuona.

Pakati pa kamphongo ndi yaikazi, mpanda umodzi sukwanira. Mangani iwiri, yotalikirana mamita 3 kapena kuposa, kuti zisagundane mphuno. Zikamagundana mphuno zimaponya miyendo yakutsogolo m'mitanda, ndipo kukwerana kudzera pa mpanda kumachitika.

Waya wamagetsi ndi wothandiza ngati wowonjezera. Ikani umodzi pa masentimita 45 ndi wina pa 75, m'kati mwa mpanda, ndi wina pamwamba wa aakuluwo. Ubweya wa pakhosi ndi pamphumi pa poni ndi wochindikala moti magetsi ofooka sikawamva, choncho mphamvu isatsike pa mavoti 4,000. Pali zinthu ziwiri zimene zimaugwetsa kuno. Choyamba ndi kuthima kwa magetsi: makina ake akhale a batire ndi sola, chifukwa kamphongo kamazindikira msanga kuti waya wazizira. Chachiwiri ndi nthaka youma ya Seputembala ndi Okutobala, imene siibweza magetsi. Khomani zitsulo zitatu zobwezera magetsi pansi, chilichonse chopitirira mita imodzi, motalikirana mamita 3, ndipo muzithirapo madzi. M'dzinja muzitchetcha udzu wokhudza waya wapansi.

Yang'ananinso pageti. Pansi pake pamakumbika ndi mapazi ndi madzi a mvula mpaka kusiya mpata wokwana kahatchi. Loko yongokankha kamatsegula ndi milomo. Ikani tcheni chokhala ndi ngowe.

Ndaganiza zoyesa. Ndizizoloweze bwanji?

Hatchi yatsopano iyambe yakhala payokha masiku 21, kutali ndi zinzake, ndi ndowa zake. Ngati ikuchokera m'boma lina, tengani chilolezo choyendetsera ziweto ku ofesi ya zaziweto.

Zikatero ikani kamphongo ndi mnzake mwamusankhayo m'padoko zoyandikana, poyamba ndi mipanda iwiri, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kulira, kupalasa pansi ndi kununkhiza ndowe ndi zachibadwa. Chimene mukudikira ndi tsiku limene zonse ziwiri zikudya udzu moyandikana osasamalana. Ngati pakatha masabata awiri yaikulu ikuthamangirabe mpanda makutu atagona kumbuyo, mano ali pamtunda, lekani pomwepo. Ziwirizo sizidzagwirizana.

Tsiku lozisakaniza, chotsani nsapato zakumbuyo za yaikulu. Vulani zingwe za kumutu zonse, chifukwa chiboda kapena nsagwada ya inzake imakolamo. Sankhani padoko yotakasuka, ya theka la hekitala kapena kuposa, pouma, yopanda ngodya zopanikizira. Ngodya muzitseke ndi mtanda wopingasa. Zonse zikhale zitakhuta, ndipo kukhale m'mawa kuti muone tsiku lonse. Pakhale anthu awiri aakulu, ana akhale kunja. Tsiku loyamba mphindi 30 zakwana, kenaka muziwonjezera pang'onopang'ono. Usiku muzizilekanitsa kwa mwezi wathunthu. Ngati pali mahatchi ena, alowe imodziimodzi, osati onse pamodzi.

Ena amaika mtanda pa msinkhu wa mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono pa ngodya ina, kuti kahatchi kazithawira kuseri kumene yaikulu singalowe. Kwa tofulidwa ndi taikazi ndi nzeru yabwino. Kamphongo kena kamasandutsa malowa pobisalira: kamatuluka, kuluma, n'kubwerera.

Kodi zingadye chakudya chimodzi?

Ngakhale ndewu itapanda kubuka, apa ndi pamene kusakaniza kumalepherera. Maponi anachokera kumalo a udzu wosowa, monga zilumba za Shetland kumpoto kwa Scotland, ndipo thupi lawo limanenepa ndi chakudya chochepa. Msipu umene ukungokwanira hatchi yaikulu, kwa kahatchi ndi wochuluka mopweteka.

Hatchi imafuna udzu wouma wolemera makilogalamu 1.5 mpaka 2 pa makilogalamu 100 aliwonse a thupi lake pa tsiku. Ya makilogalamu 500 idye 7.5 mpaka 10; kahatchi ka makilogalamu 100 kadye 1.5 mpaka 2 basi. Udzu wa Rhodes umene umagulitsidwa m'mabelo ndi wabwino kwa zonse. Chakudya cha m'matumba kahatchi kosagwira ntchito sikachifuna. Kakaba mbale ya yaikulu n'kudya makilogalamu awiri nthawi imodzi, kakhoza kudwala m'mimba kapena m'ziboda usiku womwewo. Choncho chakudya cha m'mbale chiziperekedwa m'khola, iliyonse payokha, chitseko chotseka. Udzu wa m'padoko uikidwe milu yoposa chiwerengero cha mahatchi, yotalikirana mamita 5 kapena kuposa.

Matenda oopsa ndi laminitis, kutupa kwa m'kati mwa chiboda. Amabuka kwambiri msipu ukaphuka ndi mvula yoyamba mu Novembala ndi Disembala. Kahatchi kamaima katatambasulira miyendo yakutsogolo patsogolo, thupi litatsamira kumbuyo, ziboda zili zotentha, ndipo kamakana kuyenda pouma. Kachotseni pamsipu nthawi yomweyo, kaimikeni pamchenga, ziziritsani ziboda ndi madzi oundana, itanani dokotala. Chenjezo limabwera kale: khosi lolimba lonenepa pamwamba, ndi mafuta pamwamba pa mchira. Kotere kazidya msipu ola limodzi kapena awiri okha, kapena kavale chotsekera pakamwa chokhala ndi kabowo pansi.

Koma musakamane chakudya kuti kaonde msanga. Maponi, timahatchi ndi abulu akaleka kudya, mafuta a m'thupi amasefukira m'magazi n'kuwononga chiwindi, ndipo ambiri amafa. Zimachitikanso kwa kahatchi kamene akuluakulu akukathamangitsa pa udzu. Kakangotha tsiku limodzi kosadya, ndi nkhani ya dokotala, osati yodikira mawa.

Gaga wochuluka si wabwino kwa hatchi iliyonse: ali ndi mchere wa phosphorus wambiri ndi wa calcium wochepa, ndipo pakapita miyezi mafupa amafooka, nkhope n'kutupa. Chimanga chachuku chimawononga ubongo. Chakudya cha nkhuku ndi cha ng'ombe china chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin, amene amapha hatchi pouwononga mtima, ndipo kahatchi kamafa ndi kochepa chabe.

Madzi: malita 5 pa makilogalamu 100 pa tsiku, kuwirikiza kawiri kukatentha mu Okutobala. Mgolo wodula pakati umene yaikulu imamweramo bwino, madzi akatsika kahatchi sikafika. Ikani zomwera ziwiri motalikirana, china chosapitirira masentimita 40.

Kufula kumathetsa zonsezi? Kuchitike liti?

Kumathetsa za bere ndipo kumachepetsa kwambiri ndewu. Sikusintha msinkhu, choncho zimene tanena za mateche, mpanda ndi chakudya zikhalabe.

Nthawi yabwino ndi Juni ndi Julayi, kukuzizira, ntchentche zili zochepa, matope kulibe. Machende onse awiri akhale atatsika. Kwa timahatchi tina amachedwa. Ngati latsika limodzi, musalole kuti achotse looneka lokhalo, chifukwa lotsala m'mimba lipitiriza kupanga khalidwe la mphongo. Katemera wa kafumbata akhale ataperekedwa kale.

Hatchi siifulidwa ndi mphira kapena chopanira monga mbuzi ndi ng'ombe. Ndi opaleshoni ya dokotala, ndi mankhwala ogonetsa ndi oletsa ululu. Kuyambira tsiku lachiwiri muzikayendetsa mphindi 15 kawiri pa tsiku kwa masabata awiri kuti bala likhe ndi kusatupa. Magazi odontha moti mungawerenge madontho si vuto pa maola oyamba. Oyenderera ngati ulusi, kapena chinthu cholendewera pabala, itanani dokotala msangamsanga.

Kakhale kutali ndi zazikazi masabata 6, popeza mbewu yotsalira ikhoza kuperekabe bere. Kamene kanakwerapo kwa zaka kakhoza kusunga khalidwe lina moyo wake wonse, n'chifukwa chake timati kafulidwe kasanakwane zaka ziwiri.

Pa matenda ndi mankhwala, chosiyana n'chiyani?

Katemera sayendera kulemera: kahatchi kamalandira mlingo wofanana ndi yaikulu. Wofunika koposa ndi wa African horse sickness, matenda ofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono toluma madzulo ndi mbandakucha, amene amapha mahatchi ambiri osatemera. Katemera wa ku Onderstepoort ku South Africa amabwera m'mabotolo awiri, obayidwa motalikirana masabata atatu, ndipo amalizidwe mvula isanayambe. M'dzinja mahatchi onse alowe m'khola maola awiri dzuwa lisanalowe, atuluke maola awiri litatuluka. Ndiye kuti kahatchi konenepa kadye msipu wake cha m'ma 8 mpaka 10 koloko m'mawa. Onjezerani katemera wa kafumbata ndi wa chiwewe.

Mankhwala a njoka za m'mimba amayendera kulemera. Chubu chimodzi chimapangidwira hatchi yaikulu yathunthu, ndipo kachingwe koyezera pachifuwa kamanama pa timahatchi. Kakwezeni pa sikelo ya nkhumba kapena ya matumba. Samalani makamaka ndi moxidectin, amene akapyola mlingo amagwetsa kahatchi. Dibi wa ng'ombe wokhala ndi amitraz asathiridwe pa hatchi iliyonse, amaimitsa matumbo. Nkhupakupa muzizifufuza m'makutu, pansi pa mchira ndi m'ubweya wa pakhosi, chifukwa zimabweretsa matenda a m'magazi otenthetsa thupi ndi kuchititsa chikasu.

Mphongo yosafula ili ndi nkhani inanso: dourine, matenda opatsirana pokwerana amene amapezeka m'maiko ena akummwera kwa Africa. Kamphongo kogulidwa popanda mbiri yake kayezedwe magazi kasanayandikire yaikazi. Dokotala wanu angakulozereni ku sukulu ya zaziweto ya Samora Machel pa yunivesite ya Zambia (UNZA) mumsewu wa Great East, kapena ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral.

Ndikakapatula, sikasungulumwa? Bulu kapena mbuzi zingathandize?

Kamasungulumwa ndithu, ndipo kamphongo kotsekeredwa kokha kumbuyo kwa nyumba kamayamba kuzungulira mpanda, kuonda ndi kuluma anthu. Mnzake woyenera ndi poni yofulidwa ya msinkhu wake. Popanda imeneyo, kaziona mahatchi ena kudzera pa mipanda iwiri ija. Bulu wofulidwa amatheka, koma amanyamula njoka za m'mapapo zimene zimatsokomoletsa hatchi, choncho alandire mankhwala kaye. Bulu wamkazi kamamukwera, ndipo wamphongo wosafula amamenya koopsa kuposa hatchi. Mbuzi yopanda nyanga ndi yongogwirizira.

Ana angalowe m'padoko yotere?

Ayi. Mano a kamphongo ali pa msinkhu wa nkhope ya mwana, ndipo mwana woimirira pakati pa mahatchi awiri okangana saoneka kwa iwo. Kahatchi ka ana kakhale kofulidwa kapena kakakazi.

Zamenyana. Ndichite chiyani pomwepo, ndipo ndiyang'ane chiyani pambuyo pake?

Musalowe pakati ndi manja. Thirani madzi a paipi kumaso, menyani ndowa, tsegulani geti kuti imodzi ituluke. Gwirani yaikulu poyamba.

Kenaka papasani kahatchi thupi lonse, chifukwa mabala a mano amabisala mu ubweya wa pakhosi, ndipo m'dzinja amagwa mphutsi pa masiku ochepa. Thupi labwino limatentha madigiri 37.5 mpaka 38.5, ndipo nkhama zimakhala zofiirira. Itanani dokotala nthawi yomweyo ngati mtima ukugunda kopitirira 60 pa mphindi katapuma kale, nkhama zayera, magazi akutuluka m'mphuno, diso latsekeka, kakudzandira, kakulephera kutafuna, kapena bala lili pafupi ndi mfundo ya mwendo ndipo likutuluka madzi achikasu onanda.

Bala laling'ono la theche m'kati mwa mwendo, pomwe fupa lili pafupi ndi khungu, musalipeputse ngakhale kakuyenda. Fupa likhoza kukhala ndi mng'alu umene umathyoka patapita masiku, kakamadzuka pogona. Kasungeni m'khola laling'ono mpaka dokotala atajambula mwendowo. Ndipo ziwiri zimene zamenyana mpaka kuvulazana musazibwezerenso m'padoko imodzi.